Ngati ntchito yanu ndi kulemba ma manual, mabuku oyambira ndi awa

Munthu akangoyamba ntchito yolemba malangizo a mapulogalamu, ma manual a zipangizo kapena ma dokumenti a API (njira imene mapulogalamu amalumikizirana okhaokha), funso loyamba limakhala lomwelo: ndigule buku liti kuti ndizilemba zomveka? Ambiri amakhala atamva kale dzina limodzi, The Elements of Style, nde amayembekezera kuti ndingovomera basi. Ine ndimati dikirani kaye, bukulo tilipeza kutsogoloku, koma poyambira si pamenepo ayi.

Choyamba muzindikire kuti mabuku amenewa alipo amitundu iwiri ndipo kuwasakaniza ndi kumene kumasokoneza anthu. Ena ndi okuphunzitsani momwe chiganizo chimagwirira ntchito m'mutu mwa wowerenga, amenewa mumawerenga pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja. Ena ndi ma style guide, awa muziwatenga ngati dikishonale, mumatsegula pamene mwakakamira, mwapeza yankho mwatseka. Munthu amene akuwerenga style guide kuyambira peji 1 mpaka kumapeto akungodzitopetsa, pofika mawa zonse zauluka.

Musanatsegule buku lina lililonse, tengani dokumenti imodzi imene munalemba nokha, makamaka ija anthu amangobwerabwera kudzakufunsani kuti apa mukutanthauza chani. Isindikizeni papepala. Chilichonse chimene muwerenge muzichiyesera pa dokumenti imeneyo tsiku lomwelo, apo ayi mungodziwa mayina a mabuku koma kalembedwe kanu kali pomwepaja.

Buku limene ine ndimaika patsogolo ndi la Joseph M. Williams, amene ankaphunzitsa ku University of Chicago. Linatuluka koyamba mu 1981 ndi dzina loti Style: Ten Lessons in Clarity and Grace, pano limapezeka ngati Style: Lessons in Clarity and Grace, ndipo mwiniwakeyo atamwalira mu 2008 analikonza ndi Gregory Colomb, kenako Joseph Bizup. Kaya mupeza lakale kaya latsopano zilibe kanthu kwenikweni, mfundo zake ndi zomwezo. Chimene ndimalikondera n'chakuti samangokuuzani kuti lembani momveka, zimenezo aliyense amanena, iye amakuonetsani chimene chikupangitsa kuti chiganizo chanu chisamveke komanso poti mugwire kuti chikonzeke.

Mfundo yake yaikulu ndi iyi: wowerenga amafuna kudziwa kuti akuchita ndani, ndipo akuchita chani. Wochitayo akhale mwininkhani wa chiganizo, chochitikacho chikhale mneni. Vuto la ife olemba za makina ndi loti timakonda kusandutsa mneni kukhala dzina, kenako wochita uja amasowa. Taonani chiganizo ichi, chofanana ndi zimene ndaziona kambirimbiri:

Kukhazikitsidwa kwa pulogalamuyi kuyenera kuchitika pambuyo pa kutsimikizika kwa kulumikizana kwa kompyuta ndi intaneti.

Palibe mawu olakwika m'menemo, koma tawerengani kawiri muone mmene mutu ukulemerera. Akutsimikiza ndani? Ineyo wowerenga, kapena kompyuta ichita yokha? Nde mukachikonza monga mwa Williams chimakhala chonchi:

Onani kaye ngati kompyuta yanu ili pa intaneti. Kenako ikani pulogalamuyi.

Nkhani ndi yomweyo, koma tsopano munthu akudziwa kuti ntchitoyo ndi yake ndipo akudziwa choyambira. Mu Chingerezi matendawa amaoneka pa mawu othera ndi -tion ndi -ment aja, installation, configuration, deployment, onsewo anali aneni poyamba. Williams ali ndi kanjira kophweka kowagwirira: dulani mzere pansi pa mawu 7 kapena 8 oyambirira a chiganizo chilichonse, ndiye muone ngati m'mawu amenewo muli wochita weniweni komanso ngati mwafika pa mneni. Mukaona kuti mawu 8 atha mneni sanatulukirebe, pamenepo ndi pamene wowerenga wanu amatayikira. Chitani zimenezi pa peji imodzi yokha ya dokumenti munasindikiza ija, mudabwa.

Mfundo yake yachiwiri ndi imene inandisintha ine kwambiri, yoti chiganizo chiziyamba ndi zimene wowerenga akuzidziwa kale, zatsopano zibwere kumapeto. Ndiye chatsopano chija chimakhala poyambira pa chiganizo chotsatira, ndime yonse imalumikizana ngati unyolo. Mwachitsanzo mukalemba kuti pulogalamuyi imasunga zonse mu fayilo imodzi, chiganizo chotsatira chiyambe ndi fayiloyo, kuti ili mu foda yakuti, kenako fodayo, kuti amene angaitsegule ndi ndani. Mukadumpha n'kuyamba ndi chinthu chimene simunachitchulepo, munthu amabwerera m'mbuyo kukafufuza ngati anaphonya penapake. Amene mumalemba za sayansi, pali nkhani yaifupi ya George Gopen ndi Judith Swan yotchedwa The Science of Scientific Writing, inatuluka m'magazini ya American Scientist mu 1990, imafotokoza zomwezi ndi zitsanzo za m'mapepala a kafukufuku, mutha kuimaliza madzulo amodzi.

Buku la Williams lija lili ndi ntchito zoyeserera, musazidumphe chonde. Ndi zotopetsa inde koma phindu lonse lagona pamenepo.

Tsopano za The Elements of Style zija. William Strunk Jr. analemba kabukuka mu 1918 kuti kathandize ophunzira ake ku Cornell University, kenako E. B. White amene anali mmodzi wa ophunzirawo anakakonza n'kukawonjezera mu 1959. Ndi kakang'ono, mutha kukamaliza tsiku limodzi, ndipo langizo lake lotchuka lija loti chotsani mawu osafunika ndi labwino ndithu. Koma samalani ndi malamulo ake a galamala. Katswiri wa zilankhulo Geoffrey Pullum analemba mu 2009 kuonetsa kuti pa zitsanzo zinayi zimene bukuli limapereka pochenjeza za passive voice (chiganizo choyamba ndi chochitidwa m'malo mwa wochita), zitatu si passive n'komwe. Ndipo nkhani ya passive imeneyi yavulaza olemba ambiri, amangoithawa paliponse ngati njoka. Chonsecho nthawi zina ndi imene ikufunika. Mukalemba kuti fayilo ikachotsedwa siibwereranso, palibe chifukwa chotchulira wochotsayo, nkhani ili pa fayilo. Williams amafotokoza bwino nthawi imene passive imathandiza, n'chifukwa chake ndimati yambani ndi iye, Strunk abwere pambuyo mutadziwa kale kusankha.

On Writing Well la William Zinsser, la 1976, silinalembedwere ife mwachindunji koma muli chaputala cha sayansi ndi tekinoloje chimene ndi chothandiza. Chimene ndinatengamo ine ndi chizolowezi chake chimodzi: pophunzitsa ku Yale ankaika mabulaketi pa mawu alionse amene sakugwira ntchito m'zolemba za ophunzira ake, osawafufuta, kungowatsekera, kuti mwiniwake awerenge chiganizocho popanda mawuwo n'kuona yekha kuti chikuimabe. Yesani pa zanu. Ndipo mukamakonza za mnzanu njira imeneyi ndi yaulemu kusiyana ndi kumukhwatchira ndi cholembera chofiira.

Steven Pinker naye ali ndi The Sense of Style la 2014. Ngati nthawi ndi yochepa werengani chaputala chachitatu chokha, cha zimene amazitcha curse of knowledge, kutanthauza kuti ukachidziwa chinthu umaiwala mmene zinalili usanachidziwe. Amenewa ndiye matenda athu enieni abale. Wakhala miyezi isanu ndi mainjiniya, chidule chilichonse ukuchidziwa, nde ukulemba ngati wowerenga naye anali nawo pa misonkhano yonseyo. Mankhwala ake sali m'buku, ndi kupeza munthu amene sadziwa kanthu za chinthucho, kumupatsa malangizo anuwo n'kukhala pambali pake muli chete.

Ndinachitapo zimenezi ndi mnzanga wina wa ku ofesi ya akaunti pamalo pena pamene ndinkagwira ntchito. Ndinali nditalemba masitepe osamutsira mafayilo kupita pa seva yatsopano, ndipo sitepe 4 inkati chotsani foda yakale, ngati mwatsimikiza kuti mafayilo onse afika. Ndinamuona chala chake chikutsata mzere papepala, atangofika pa mawu oti yakale dzanja linapita pa mbewa ya kompyuta, wadina, foda yapita, kenako ndi pamene anamaliza kuwerenga chiganizocho n'kundiyang'ana. Mwamwayi inali kompyuta yoyesererapo. Iyeyo sanalakwe chilichonse, anachita ndendende zimene pepala linamuuza mu ndondomeko imene linamuuzira. Munthu amene akutsata malangizo amawerenga uku akuchita, sadikira mpumiro. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti ngati ndimawaika kumayambiriro, chenjezo limabwera sitepe yoopsayo isanafike.

Pambuyo pake ndinapeza kuti lamulo limeneli lilimo kale mu style guide ya Google, zimene zikutifikitsa pa mtundu wachiwiri uja.

Apa langizo langa ndi loti sankhani imodzi, imodzi yokha. Ngati kumene mukugwira ntchito ali nayo kale yawo, nkhani yatha, tsatirani imeneyo ngakhale pena simukugwirizana nayo. Ngati alibe, onani amene mukuwalembera. Mukamalembera anthu opanga mapulogalamu, Google developer documentation style guide ndi yabwino, inatsegulidwa kwa aliyense mu 2017 ndipo ndi yaulere pa intaneti. Imakuuzani kuti muzilankhula ndi wowerenga mwachindunji, muzilemba mu nthawi yatsopano, komanso musamalembe mawu ngati simply kapena easy. Lomalizali ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa munthu amene wakhala ola lathunthu akulimbana ndi chinthu chikukana, ndiye akuwerenga kuti n'chophweka, amangodziona ngati wopusa ndi iyeyo. Google yomweyo ili ndi maphunziro aulere otchedwa Technical Writing One ndi Technical Writing Two, ndi afupiafupi, abwino kupatsa mainjiniya amene amalemba mwa apo ndi apo.

Mukamalembera anthu wamba ogwiritsa ntchito pulogalamu, Microsoft Writing Style Guide ndi imene ndingasankhe. Kale linali buku losindikizidwa, loyamba mu 1995, lomaliza la mtundu wachinayi mu 2012, ndipo kuyambira 2018 ili pa intaneti mwaulere. Mphamvu yake ili pa mndandanda wa mawu ndi momwe mungafotokozere zinthu za pa sikirini, mabatani, ma menyu ndi zina zotero. Apple nayo ili ndi yake, ngati mukulemba za zipangizo zawo pitani kumeneko.

Chifukwa chimene ndikulimbikira kuti imodzi yokha n'chakuti amatsutsana. Microsoft imakonda mawu oti select chifukwa munthu atha kukhala ndi mbewa, kiyibodi kapena akugwiritsa chala, pamene Google imalola click pa kompyuta. Onse ali ndi zifukwa zomveka. Koma inu mukalemba select pa peji 2, click pa peji 3, press pa peji 5, wowerenga amayamba kuganiza kuti mwina ndi zinthu zitatu zosiyana. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu ndi ulesi, tizisinthasintha, koma mu ntchito iyi ndi zosemphana, chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira pachikuto mpaka kumapeto.

The Chicago Manual of Style ndi chibuku chachikulu, masamba oposa 1,000, chinayamba mu 1906 ndipo mtundu wa 18 unatuluka mu 2024. Chimenechi ndi chothawirako pamene style guide yanu yakhala chete, nkhani za mipumiro, manambala, matebulo, katchulidwe ka mabuku ena. Musathamangire kugula, ofesi yonse chimodzi chikwana.

Chiganizo chikakhala bwino sikuti dokumenti yatha. Mutha kukhala ndi ziganizo zosalala koma munthu osapeza chimene akufuna. Pa nkhani imeneyi buku limene ndimalilemekeza ndi Developing Quality Technical Information, lolembedwa ndi gulu la olemba ndi akonzi a ku IBM, mtundu wachitatu ndi wa 2014. Iwo amati dokumenti yabwino ikhale yosavuta kugwiritsa ntchito, yosavuta kumva, komanso yosavuta kupezamo zinthu, ndipo pansi pa zimenezi pali mfundo zingapo zoyezera, ndi zitsanzo zambirimbiri zoonetsa zoyamba ndi zokonzedwa zili pambali ndi pambali. Mfundo imene muigwiritse kwambiri ndi yoti muzilemba motsata ntchito imene munthu akufuna kugwira, osati motsata mmene pulogalamu inapangidwira. Munthu sabwera kudzaphunzira za menyu ya Settings, amabwera chifukwa waiwala pasiwedi ndipo akufuna kulowa. Nde mutu wa gawolo ukhale wosintha pasiwedi, osati dzina la menyu. Tapitani pa mitu ya mu dokumenti yanu ija muwerenge kuti ingati ikutchula ntchito, ingati ikungotchula zigawo za makina.

Maganizo amenewa mizu yake ili kwa John Carroll, amene anachita kafukufuku ku IBM poonerera anthu akuphunzira kugwiritsa ntchito makompyuta, n'kulemba The Nurnberg Funnel mu 1990. Anapeza kuti anthu sawerenga manual mwandondomeko, amadumpha, amayesa okha, amalakwitsa, choncho malangizo akhale ochepa, olunjika pa ntchito yeniyeni komanso othandiza munthu kudzuka akagwa. Ndi buku la kafukufuku, lolemerako, silofunika kwa aliyense koma mfundo yoti muzilemba chochita zinthu zikalakwika muitenge. Ma manual ambiri amalembedwa ngati zonse ziyenda bwino, chonsecho munthu amatsegula manual pamene zavuta.

Every Page is Page One la Mark Baker, la 2013, limakumbutsa kuti masiku ano munthu amatulukira pakati pa dokumenti yanu kuchokera pa Google, sanaone mawu oyamba, sanaone chaputala 1. Ndiye peji iliyonse izitha kuima payokha, inene kuti ikukamba za chani, ndi ya ndani, munthu akhale atachita kale chani. Amene muli mu timu ya mapulogalamu ndipo mukufuna buku limodzi lokuyendetsani kuyambira pofufuza owerenga mpaka posamalira ma dokumenti akakalamba, Docs for Developers la 2021 lolembedwa ndi Jared Bhatti ndi anzake anayi likuthandizani.

Pali gawo lina limene ambiri amaliiwala koma kwa ine ndi lapamtima, loti owerenga ambiri a ma manual a Chingerezi, Chingerezicho si chilankhulo chawo choyamba, ndipo zolemba zambiri zimadzamasuliridwa. The Global English Style Guide la John R. Kohl, la 2008, ndi la nkhani imeneyi basi. Chimene chimadabwitsa m'menemo n'chakuti nthawi zina amakuuzani kuti muwonjezere mawu, timawu ngati that kapena the timene ena amatichotsa pofuna kufupikitsa, chifukwa timawu timeneto ndi timene timaonetsa womasulira, kaya ndi munthu kaya ndi makina, pamene chigawo cha chiganizo chayambira. Apa ndi pamene muone kuti lamulo lochotsa mawu lija lili ndi malire. Kufupika si cholinga, cholinga n'choti chiganizo chikhale ndi tanthauzo limodzi.

Amene mumalemba za ndege, makina a m'mafakitale kapena chilichonse chimene kulakwitsa kwake kungavulaze munthu, funani ASD-STE100 Simplified Technical English. Inatuluka koyamba mu 1986 chifukwa cha ma manual okonzera ndege, amene amawerengedwa ndi amakaniko a m'mayiko osiyanasiyana. Ili ndi malamulo a kalembedwe ndi dikishonale ya mawu ololedwa pafupifupi 900, liwu lililonse tanthauzo limodzi. Chiganizo cha malangizo chisapose mawu 20, chofotokozera chisapose 25, sitepe imodzi langizo limodzi pokhapokha ngati zinthuzo zikuchitika nthawi imodzi. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi liwu loti follow, kumeneko limangotanthauza kubwera pambuyo, ukafuna kunena kuti tsatirani malangizo a chitetezo umalemba obey. Imapezeka mwaulere. Ngakhale ntchito yanu siikukakamizani, tengani peji imodzi muilembenso motsata malire a mawu 20 aja, muona ziganizo zimene munabisamo masitepe atatu.

Mukadutsa zonsezi, tsegulani fayilo yatsopano n'kuyamba ka style sheet ka timu yanu. Kasapose masamba awiri. Pamwamba lembani kuti timatsata style guide yakuti, ikakhala chete timapita ku Chicago, mawu timatsata dikishonale yakuti. Pansi pake muzingolemba zokhazo zimene mwasiyana nayo, ndi mayina a zinthu zanu: dzina la pulogalamu limalembedwa chonchi, chinthu ichi timachitcha akaunti osati mbiri, madeti timalemba motere. Nthawi iliyonse anthu awiri akatsutsana pa liwu, gwirizanani kamodzi, lembani mu fayiloyo ndi chifukwa chake mzere umodzi, kuti mwezi wamawa wina watsopano akabwera musayambirenso mkangano womwewo. Muiike pamalo pamene mainjiniya amafikapo tsiku ndi tsiku, pafupi ndi khodi yawo ngati n'kotheka, chifukwa theka la ziganizo zimene zimathera mu manual zimayambira kwa iwowo.